Tizilonda ta pamlomo tandibweretsera mkangano m'nyumba

Funso

Adokotala, ndine mayi wa zaka 28, ndimakhala ku Area 25 ndipo ndimagulitsa mu shopu ina ku Old Town. Chaka chilichonse, kanayi kapena kasanu, pamlomo wanga wam'mwamba pamatuluka timatuza tomwe timaphulika n'kusanduka chilonda. Timakonda kubwera ndikadwala malungo, m'nyengo yozizira, komanso dzuwa likalusa. Anzanga kuntchito amanong'onezana kuti ndili ndi kachilombo, chonsecho ndayezetsa kawiri, komaliza kusikelo, ndipo sanandipeze nako. Mwezi watha bambo akunyumba anafufuza pa foni n'kupeza kuti dzina lake ndi herpes, ati matenda opatsirana pogonana osachizika. Chiyambire tsiku limenelo akungondifunsa kuti ndinawatenga kuti. Ndili ndi pakati pa miyezi 7. Kodi ndinawatenga bwanji? Nanga mwana wanga adzakhala bwino?

Yankho

Mayi, ndiyambe ndi funso la bambo, chifukwa ndikuona kuti ndi limene likukusowetsani tulo kuposa chilonda chenichenicho. Chilonda chanucho sindinachione ndi maso, koma m'mene mwachifotokozera, timatuza totuluka malo amodzimodzi m'mphepete mwa mlomo, n'kuphulika, n'kuuma, n'kudzabweranso patapita miyezi, ndi m'mene nsungu za pamlomo zimachitira. Dzina lomwe bambo anapezalo ndi loona, koma nkhani yake anaiwerenga theka.

Tizilombo totchedwa herpes simplex tilipo mitundu iwiri. Wina ndi HSV-2, womwe umakonda kumaliseche ndipo umafala pogonana. Umenewu ndi womwe umadzaza masamba a pa intaneti munthu akangolemba mawu akuti herpes. Winawo ndi HSV-1, womwe umayambitsa pafupifupi nsungu zonse za pamlomo, ndipo njira yake yaikulu ndi malovu ndi kukhudzana kwa milomo ndi khungu. Kuno kwathu anthu ambiri amautenga ali ana aang'ono, asanayambe n'komwe sukulu. Azakhali apsompsona mwana patsaya. Mayi alawa phala ndi sipuni yomweyo akumwetsera mwana. Agogo atafuna chimanga chootcha n'kumupatsa mdzukulu. Ana akuyamwa suwiti imodzi mosinthana, kapena kulumirana bango. Palibe chamanyazi pa zonsezi, ndi m'mene tonse tinaleredwera.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti anthu 3.8 biliyoni osapitirira zaka 50, omwe ndi anthu 64 pa 100 alionse, ali ndi HSV-1. Pa chiwerengero chomwe bungweli linatulutsa mu 2015, ku Africa kuno anali anthu 87 pa 100 alionse. Ndiye taganizani minibasi yodzaza yochoka pa Nsungwi kupita m'tauni. Mwa anthu onse apanikizana m'menemo, mwina awiri okha ndi omwe alibe kachilomboka. Kondakitala ali nako, dalaivala ali nako, ndipo mwachidziwikire anzanu ambiri akunong'onezanawo ali nako. Bambo akunyumba nawonso, mpata woti ali nako kuyambira ali mwana ndi waukulu kwambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti anthu ambiri omwe ali nako satuluka chilonda ngakhale kamodzi, kapena chinatuluka kalekale n'kuiwalika. Inu muli m'gulu la ochepa omwe kamaonekera.

Anthu ena akamva zimenezi amafuna kukayezetsa magazi kuti zidziwike amene anapatsira mnzake. Musataye ndalama zanu. Kuyeza kwa mtundu umenewu kumangoonetsa kuti thupi linakumanapo ndi kachilomboka, sikunena chaka, sikunena munthu. Nonse awiri mukhoza kupezeka nako, mkangano n'kukhala pomwe unali.

Kuti mumvetse chifukwa chake chilondachi chimangobwerera, muyenera kudziwa komwe kachilomboka kamakhala. Kakalowa koyamba, mwana amatha kudwala ndithu: thupi kutentha, nkhama kutupa, tizilonda m'kamwa monse, dovu chuchuchu, kukana kudya. Ambiri sadwala n'komwe. Thupi likalimbana nako, iko sikafa. Kamatsata mitsempha yomwe imatithandiza kumva kukhudza ndi ululu kumaso, n'kukabisala m'kamfundo ka mitsempha komwe kali mkati mwa chigaza, chakufupi ndi khutu, kotchedwa trigeminal ganglion. Kumeneko kamagona moyo wonse wa munthu. Ndimakonda kufanizira ndi ngumbi. Chaka chonse chulu chili zii, koma ngumbi zili momwemo, zikungodikira mvula yoyenera. Ikagwa, zimatulukira mauna omwewo. N'chifukwa chake chilonda chanu chimakonda malo amodzi, pakuti kachilombo kamatsika ndi mtsempha womwe kanakwerera.

Mvula yake ndi imene mwaitchula kale nokha, ndipo mwachita bwino kuisunga m'mutu. Kutentha thupi kulikonse kukhoza kukadzutsa, ndipo kuno malungo ndi chimfine ndiye akatundu. Mwina munamvapo akuluakulu akunena kuti malungo akutulukira pamlomo, kusonyeza kuti wodwala wayamba kuchira. Anaona bwino kuti ziwirizi zimayendera limodzi, koma si malungo akutuluka ayi, ndi kachilombo kena komwe kapezerapo mwayi thupi litafooka. Ndikunena izi chifukwa ena akaona chilonda amasiya LA asanamalize, poganiza kuti nthenda yatuluka yonse. Kuzizira ndi mphepo ya mu Juni ndi Julaye zimaumitsa ndi kung'amba milomo. Dzuwa la mu Okutobala, lija limawotcha munthu uli pa depoti kudikira minibasi, limafooketsa chitetezo cha khungu la pamlomo. Palinso kusamba kwa amayi, kutopa kwambiri, kusowa tulo, kuzulitsa dzino, ndi nkhawa. Nkhawayi bambo aimve bwino: mafunso a tsiku ndi tsikuwa akhoza kukhala akuthandizira kuti chilonda chibwerenso.

Tsopano za anzanu a kuntchito. Kafukufuku wa MPHIA wa mu 2020 ndi 2021 anapeza kuti akuluakulu 8.9 pa 100 alionse m'Malawi muno ali ndi HIV. Yerekezani ndi 87 uja. Anthu ambiri zedi otuluka nsungu pamlomo alibe HIV, ndipo chilonda chomwe chimabwera n'kupola chokha m'masiku 7 mpaka 10, ngakhale chitafika milungu iwiri, chikusonyeza kuti chitetezo cha m'thupi chikugwira ntchito yake. Chomwe ife timachita nacho mantha ndi china. Chilonda cha herpes chikatha mwezi wathunthu osapola, chikukulirakulira kapena kuzama, chimenecho ndi chizindikiro choti chitetezo chatsika kwambiri, moti WHO imachiika pa gawo lachinayi, lomwe ndi lomaliza, la matenda obwera ndi HIV. Munthu wotero asachedwe, akayezetse, ndipo ngati ali kale pa ma ARV akaonedwe ngati mankhwala akugwirabe ntchito. Ku Lighthouse pa Kamuzu Central kapena ku Martin Preuss pa Bwaila ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Zanuzi si zimenezo. Komabe kusikelo akakuuzani kuti muyezetsenso musanachire, yezetsani, ndi dongosolo la mayi aliyense woyembekezera, osati chifukwa cha mlomo wanu.

China chomwe chimasokoneza anthu ndi mashingozi, chifukwa dzina lake la kuchipatala ndi herpes zoster. Kufanana kwa mayinaku kwapweteketsa anthu ambiri. Mashingozi amayamba ndi kachilombo ka katsabola, amatuluka ngati lamba mbali imodzi ya thupi kapena ya nkhope, amawawa koopsa, ndipo munthu wachinyamata akatuluka timamulangizadi kukayezetsa HIV. Nsungu za pamlomo ndi pachibale chabe ndi mashingozi, si nthenda imodzi. Palinso tizilonda toyera ta m'kati mwa tsaya kapena kunsi kwa lilime, tomwe timawawa ukamadya zamchere. Timeneti si herpes ndipo sitipatsirana. Kung'ambika m'makona a kamwa nthawi zambiri kumabwera ndi chinyezi cha malovu, mafangasi kapena kuchepa kwa magazi. Chilonda chimodzi cholimba, chosawawa, chokhalitsa milungu ingapo pamlomo chikhoza kukhala chindoko. N'chifukwa chake ndikupempha kuti chikadzatulukanso mukachionetse kuchipatala chikadali timatuza, osati chitauma, kuti wachipatala atsimikize ndi maso ake.

Za mwana. Choyamba mtima ukhale m'malo. Kachilombo kanu kali pamlomo, osati panjira yomwe mwana adzatulukire, ndipo sikadutsa m'magazi kupita kwa mwana chifukwa choti mlomo watuluka chilonda. Ndiponso popeza mwakhala nako zaka zambiri, thupi lanu linapanga kale asilikali olimbana nako, ndipo ena mwa iwo akudutsa kupita kwa mwana m'miyezi yomalizayi. Amenewa adzamuthandiza akadzabadwa. Nsungu za pamlomo si chifukwa chochitira opareshoni pobereka.

Kusamala kwenikweni kudzayambe mwana akabadwa. Khanda la milungu 4 mpaka 6 yoyambirira chitetezo chake chimakhala chisanakhwime, ndipo kachilombo komwe kwa inu kamangotulutsa kachilonda, kwa iye kakhoza kufalikira ku ubongo, chiwindi ndi mapapo. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika zimapha kapena kulumaza. Masiku oyamba mutachira mudzakhala otopa ndi osagona, yomwe ndi nyengo yomwe chilonda chimakonda, ndiye konzekeranitu. Chikatuluka, musamupsompsone mwana paliponse mpaka chitapoleratu. Sambani m'manja ndi sopo musanamugwire. Valani masiki, onga aja tinkavala nthawi ya Covid-19, pomuyamwitsa ndi pomusambitsa, kuti dzanja lanu kapena lake lisafike pachilonda. Kuyamwitsa musasiye ayi, kachilomboka sikadutsira mu mkaka. Pokhapokha ngati chilonda chatuluka pabere penipeni, bere limenelo lipume mpaka lipole, ndipo mukaonane ndi anamwino.

Vuto lalikulu lidzakhala alendo. Makolo athu ankasunga mayi ndi khanda m'chikuta, osalola aliyense kulowa ndi kunyamula mwana mpaka mchombo utagwa. Pa nkhani iyi ndimawagomera. Lero mwana wa masiku atatu amayenda m'manja mwa anthu khumi, a kumpingo, a kuntchito, a banki m'khonde, aliyense n'kumupsompsona ndi kumujambula. Ikani lamulo limodzi la aliyense, lakuti khanda salipsompsona kumaso kapena m'manja, ndipo wolinyamula ayambe wasamba m'manja. Lamulo likakhala la onse palibe amaona ngati walozedwa chala. Kwa apongozi ndi alamu, ntchito yonena imeneyi ndi ya bambo, inu musaisenze.

Ndipo khanda likatentha thupi kapena kuzizira modabwitsa, likasiya kuyamwa, likangoti lefuu osadzuka, likamapuma mofulumira, likakomoka, kapena mukaona timatuza pakhungu, m'kamwa kapena m'maso, musadikire kuche ndipo musayambe ndi panado. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo mukanene poyera kuti inu kapena wina m'nyumbamo anali ndi chilonda pamlomo. Mawu amenewo amathandiza dokotala kuganizira msanga mankhwala a aciclovir a mu diripu. Makanda ena odwala herpes satuluka n'komwe timatuza, ndiye musadikire kuti muone kaye chizindikiro pakhungu.

Pali chinthu chimodzi chomwe bambo anaona pa foni chomwe n'choona, ndipo ndichinene mosabisa poti ndinu akuluakulu. HSV-1 ikhoza kuchoka pakamwa kupita kumaliseche a mnzako ngati anthu akugwiritsa ntchito pakamwa pogonana. Choncho kuyambira pomwe mlomo wayamba kunyerenyesa mpaka chilonda chitapola, kupsompsonana ndi zimenezo ziyambe zaima. Kachilomboka kamapezekanso m'malovu masiku ena popanda chilonda, ndiye sindingakulonjezeni kuti mpata wopatsirana umafika pa ziro, koma nthawi yoopsa kwambiri ndi ya timatuza ndi chilonda chonyowa. Kwa amayi ena omwe akuwerenga: ngati amene amatuluka zilonda pamlomo ndi amuna anu, inu simunatulukepo, ndipo muli ndi pakati, pewani zimenezi m'miyezi itatu yomaliza. Mayi akatenga herpes wakumaliseche koyamba atatsala pang'ono kuchira, mpamene mwana amakhala pangozi yaikulu.

Mankhwala ochotseratu kachilomboka m'thupi kulibe, ndipo katemera wake sanapezeke. Amene akugulitsa botolo pa Facebook kapena pa WhatsApp n'kumati limatsuka herpes m'magazi akukuberani, ndipo mlomo ukapola pa tsiku la 10 adzati ndi mankhwala ake, chonsecho ukanapola wokha. Omwe alipo ndi ochepetsa. Aciclovir amatsekereza kachilombo kuti kasachulukane, ndipo popeza kamachulukana kwambiri tsiku loyamba ndi lachiwiri, mankhwalawa amathandiza pokhapokha mwayamba msanga. Inu nokha ndi amene mumadziwa kachizindikiro kaja, kunyerenyesa kapena kutentha pamlomo maola angapo timatuza tisanaoneke. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nthawi yoyambira ndi imeneyo. Mukadikira mpaka nkhanambo, mwagula mankhwala pachabe.

Alipo opaka, a 5 peresenti, omwe amapakidwa kasanu patsiku kwa masiku 5. Kunena zoona, mphamvu yake ndi yochepa, amangodula tsiku limodzi kapena kuchepera apo. Mapiritsi amagwira bwino kuposa opaka, ndipo palinso valaciclovir yemwe amamwedwa tsiku limodzi lokha, kawiri, koma ndi wodula ndipo sapezeka paliponse. Kwa munthu yemwe zilonda zimamubwerera pafupipafupi, tinene kasanu ndi kamodzi pachaka kapena kuposa, dokotala akhoza kumuika pa mapiritsi a tsiku ndi tsiku kwa miyezi ingapo. Aciclovir wagwiritsidwa ntchito kwa amayi oyembekezera kwa zaka zambiri ndipo amatengedwa kuti ndi wosaopsa, komabe ndi pakati panupa musakagule nokha ku famase. Kafunseni kusikelo, ndipo mukawauze kuti mukufuna kukhala nawo pafupi nthawi yochira ikamayandikira. Pa ululu, panado akukwanirani. Bufeni ndi asipirini musiyeni mpaka mutachira.

Tsono zomwe anthu amapaka. Ndaona milomo yopakidwa mankhwala otsukira mano, sipiriti, mchere, phulusa, adyo, madzi a mandimu, pafyumu, ndi ufa wa m'kapisozi. Onsewa cholinga n'choti chilonda chiume msanga, koma chomwe amachita ndi kuwotcha khungu, chilonda n'kukula, n'kusiya chipsera chakuda pomwe chikanapola osasiya kanthu. Kapisozi ngati amoxicillin amapha mabakiteriya, kachilombo aka sakakhudza. GV amathandiza pang'ono kuti chilonda chisalowe mafinya, koma sakafupikitsa masiku, ndipo kwa munthu wogulitsa mu shopu mlomo wapepo ungowonjezera manong'onong'o. Oopsa kwambiri ndi mafuta oyeretsa khungu ndi timachubu tina ta zidzolo togulidwa pamsika, chifukwa ambiri ali ndi ma steroid omwe amafooketsa chitetezo cha khungu, kachilombo n'kufalikira. Chokwanira ndi ichi: tsukani ndi madzi aukhondo, pakani vaselini pang'ono kuti nkhanambo isang'ambike mukamaseka kapena kudya, ikani kansalu konyowa ndi madzi ozizira chikamawawa, pewani tsabola ndi zowawasa masiku amenewo. Musaboole timatuza, musatokose nkhanambo.

Dzanja lomwe lagwira chilonda lisapite kumaso. Herpes wa m'diso amayambitsa chilonda pagalasi la diso ndipo akhoza kuchititsa khungu. Diso likafiira, kuwawa, kulira misozi ndi kudana ndi kuwala, makamaka mbali imodzi, pitani tsiku lomwelo ku chipatala cha maso cha Lions pa Kamuzu Central, ndipo musadonthezere mankhwala a m'maso otsala a munthu wina, pakuti ena ali ndi ma steroid omwe amakulitsa chilondacho. Mwana kapena wamkulu yemwe ali ndi nthenda ya khungu louma loyabwa, yotchedwa eczema, asakhudzane ndi chilonda chanu, chifukwa pa khungu lotero kachilombo kamayala ngati moto wa m'tchire.

Za makapu ndi masipuni musadzizunze nazo. Kachilomboka sikakhalitsa pa chinthu chouma, ndipo sopo ndi madzi zimakapha. Simukufunika mbale yanuyanu ngati wodwala khate wa m'nthano. Masiku a chilonda okha, kapu, thaulo, mswachi ndi lipisitiki zikhale zanu nokha. Lipisitiki ndiye ndimadandaula nayo. Pa chinkhoswe kapena pa ukwati, wodzoza anthu mmodzi amayendetsa kamtengo kamodzi pa milomo ya operekeza onse, ndipo palibe amafunsa. Muzinyamula yanu.

Popewa kuti chisamabwerebwere, yambirani pa zomwe mwaziona kale kuti zimachidzutsa. Gonani mu neti usiku uliwonse ndipo Fansidar wa kusikelo musamuphonye, zomwe zikutetezaninso inu ndi mwana ku malungo. Mu Juni ndi Julaye milomo isaume. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, chipewa chachikulu kapena ambulera, ndipo ngati thumba lilola, mafuta a pamilomo olembedwa SPF 30 kapena kuposa, omwe amapezeka m'mafamase. Vaselini wamba amafewetsa koma satchinga dzuwa. Anthu ambiri amaona kuti zilondazi zimayamba kubwera patalipatali akamakula.

Anzanu a kuntchito mulibe nawo ngongole ya zotsatira za magazi anu. Wina akafunsa, muuzeni kuti ndi nsungu za pamlomo, zimapola pa sabata imodzi, n'kupitiriza kugulitsa. Koma bambo atengeni pa ulendo wotsatira wa kusikelo. Akayezetse nanu limodzi monga amalimbikitsira mabanja onse, kenaka afunse anamwino kapena dokotala funso lawo lija pamaso panu. Ndipo asanapite, akafunse mayi awo ngati bambowo ali mwana sanatulukepo tizilonda pamlomo atadwala malungo.